Kukaongola miyendo ndi ana kusakusiyeni m'ngongole

Abale anzanga, makamaka inu amene mwangolowa kumene m'banja ndi inu makolo a ana ang'onoang'ono, lero tikambirane nkhani imene imaoneka yaing'ono koma imayambanitsa anthu m'nyumba. Iyi ndi nkhani yopita kokayenda ndi ana. Sukulu zikatsekera, Khirisimasi ikamayandikira, ngakhalenso pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, funso la ana limakhala lomwe lija: "Adadi, nanga ife tidzapita liti kunyanja?" Funsoli likagwa, bambo amayang'ana kudenga, mayi amathawira kukhitchini, kenaka yankho limatuluka lakale lija lakuti "tiona mwezi ukatha."

Mwezi umathadi, chaka n'kutha, mwana mpaka kulemba mayeso a Folomu 4 nyanja akungoiona pamapu. Awa ndi mabanja a gulu loyamba, amene adangogamula kuti kukaona malo ndi za azungu ndi mabwana. Gulu lachiwiri ndi la aja amene akaona zithunzi za aneba pa Facebook kapena pa WhatsApp ali m'madzi ku Salima, mtima umawawa, mawa lake n'kulawirira kwa wakatapila. Amapitadi kunyanja, amajambulitsa, koma Januwale akafika fizi palibe, lendi palibe, m'nyumba anthu osayankhulana. Kwa ine magulu onse awiriwa akuluza, ndipo ana ndi amene akuluza kwambiri.

Sindikukana kuti zinthu zavuta. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chichokereni nthawi imeneyo mitengo ya katundu ndi ya mayendedwe yangokhala ikukwera. Ngati m'nyumba mulibe ufa, kapena mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ulendo udikire, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma ngati mumatha kugula mayunitsi mlungu uliwonse, n'kumapezanso ya kamodzi kapena kawiri Loweruka madzulo, ndiye kuti tsiku limodzi pachaka lotuluka ndi ana mungalikwanitse. Chofunika n'kudziwa kumene ndalama imathera.

Ambiri timaopa ndalama yolipira pachipata, chonsecho nthawi zambiri iyi ndiye imakhala yochepa pa zonse. Ndalama ya ulendo imathera panjira, m'mimba ndi m'maso mwa anthu. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi chipata chomwecho. Kumalo osungirako nyama zakutchire monga Liwonde ndi Majete, mtengo wa Mmalawi ndi wosiyana ndi wa mlendo wochokera kunja. Mmalawi amalipira yotsika kwambiri, ndipo ana amalipira yocheperapo kuposa akuluakulu. N'chifukwa chake chiphaso chanu cha unzika musamachisiye kunyumba. Imbani foni kapena funsani amene adapitako posachedwapa kuti mudziwe mtengo wa lero, poti wa chaka chatha ukhoza kukuchititsani manyazi pamaso pa ana. Safunsa adadya phula.

Ndalama ya pachipatayi musamaione ngati kukuberani. Pamene bungwe la African Parks linkayamba kuyendetsa nkhalango ya Majete mogwirizana ndi boma mu 2003, nyama zikuluzikulu zidali zitatha ndi opha nyama mozemba. Zipembere zidachita kubweretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Mpanda wotchinga nyama kuti zisakaononge m'minda, misewu ya m'nkhalango ndi malipiro a asilikali olondera, zonsezi zimafuna ndalama. Kungoti kumalo kokhala mikango ndi njovu simungangolowa wapansi ngati mukupita kumsika. Pamafunika galimoto, ndipo nayonso imalipiridwa pachipata. Apa ndiye pamene tafika pa chilombo chenicheni, mayendedwe.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Senga Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Banja la anthu asanu likakwera minibasi, ndiye kuti lalipira mipando isanu popita ndi isanu pobwera, osawerengera kabaza wokufikitsani kumchenga. Tsono ikakhala nyengo ya chikondwerero kapena mafuta akasowa, kondakitala amatchula mtengo umene wamukomera, ndipo madzulo pobwerera mulibenso mphamvu zonenerera. Nzeru yake ndi iwiri. Yoyamba ndi yophatikizana mabanja awiri kapena atatu, a kumpingo kapena a kuntchito, n'kuchita hayala galimoto imodzi, mtengo n'kugwirizaniratu kudakali masiku. Mutu umodzi susenza denga. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda kwambiri, ndi yoyambira pafupi.

Inu a ku Blantyre, ndi angati mwa ana anu amene adalowapo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Chichiri n'kuona sitima yapamtunda imene agogo awo ankakwera? Nanga tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, kapena Mandala House ya mu 1882? Awatu ndi malo ofikako ndi minibasi imodzi kapena ziwiri. Ndalama ikalolako, Zomba ndi Mulanje onse ali pamtunda wosapitirira makilomita 70. Paphiri la Zomba pali damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, pomwe ku Likhubula ku Mulanje kuli Dziwe la Nkhalamba. Phiri la Mulanje lomweli, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Alendo amalipira ndege kudzaliona, ife eniake tikungolidutsa m'munsi popita kumaliro.

A ku Lilongwe muli ndi chiliza cha Kamuzu Banda chimene chidatsegulidwa mu 2006, komanso nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, momwe muli tinjira toyendamo ndi ana pamthunzi. Ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zithunzi zimene Akafula ndi Achewa akale adajambula pamiyala, ndipo nawonso ali m'kaundula wa UNESCO kuyambira 2006. M'boma lomwelo, ku Mua, kuli malo a Kungoni oonetsa chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. A ku Mzuzu nyanja muli nayo pakhomo, poti Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50. A ku Rumphi muli ndi mathithi a Manchewe kufupi ndi Livingstonia, pamene ku Karonga, m'nyumba ya zinthu zakale imene idatsegulidwa mu 2004, muli chigoba cha chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus. Mwana amene wachiona sasiya kuchikamba mwezi wathunthu.

Ngakhale kumene kulibe malo otchuka, phiri kapena mtsinje sizisowa. Ine ulendo umene ndimaukumbukira kwambiri pa ubwana wanga udali wokwera kaphiri ka kwathu ndi bambo anga, titanyamula mbatata yootcha ndi botolo la thobwa. Tili pamwamba adandilozera denga la sukulu yathu, msika, ndi msewu umene unkapita kutauni. Sadalipire ngakhale tambala, koma tsiku limenelo ndidali nawo ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osathamangira kwina kulikonse. Mwana wa zaka 6 sadziwa kusiyana kwa hotela yodula ndi mchenga wa pagombe la asodzi. Amangodziwa kuti amayi adaseka, adadi adamunyamula paphewa.

Tibwere ku nkhani ya m'mimba. Mbale imodzi ya chipisi ndi nkhuku kumalo a alendo ikhoza kugula ndiwo za banja lonse za masiku awiri, ndiye muwerengere mbale zisanu ndi zakumwa zake. Ana akasewera m'madzi njala yake imakhala ya mtundu wina, moti mbale imodzi siwakwana. Phikani kunyumba usiku wake: mpunga, nkhuku yachikuda kapena mazira, mandasi, zitumbuwa, mtedza wokazinga, nthochi. Thobwa ndi madzi akumwa tsirani m'zigubu, mutengenso chitenje kapena mkeka woyala pansi. Koma dziwani kuti mahotela ambiri a m'mbali mwa nyanja amalipiritsa polowa ndipo ena salola chakudya chochokera kunja. Funsiranitu, ndipo ngati salola, sankhani malo ena. Si bwino kukakanganirana ndi mlonda poto wa mpunga ana akuona.

Abambo anzanga, apa ndikunena nanu. Ulendo wa banja si ulendo wa mowa. Pali abambo ena amene akangofika, ana amawasiyira amayi awo, iwo n'kukakhala pabala mpaka dzuwa kulowa, ndipo theka la ndalama ya ulendo limathera pomwepo. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu yemweyo ndi amene agwire chiwongolero pobwerera, mkazi ndi ana ali kumbuyo. Tsiku limodzi lokha pachaka, botolo likhoza kudikira.

Tsono pali ndalama ina yothera m'maso mwa anthu. Iyi ndi ya zovala zatsopano za banja lonse zofanana mtundu, ya tsitsi, ya magalasi a dzuwa, ndi yogona usiku umodzi pamalo odula kuti anthu adziwe kuti tidagonako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zithunzi za aneba zija sizikuuzani kuti ndalama adaipeza bwanji, ndiponso sizionetsa nkhope zawo tsiku lobweza ngongole. Nyamukani m'bandakucha, mubwerere tsiku lomwelo kusanade, ndalama yogonera ikhala yapulumuka. Ngati n'kotheka pewaninso masiku a chikondwerero enieniwo. Loweruka wamba mitengo ya minibasi imakhala ya masiku onse, ndipo pamchenga pamakhala malo oti ana athamange inu mukuwaona.

Kuwaona ana ndi nkhani yaikulu, chifukwa ulendo wotsika mtengo umasanduka wodula koopsa pakachitika ngozi. Masiku a chikondwerero timamva za anthu omira panyanja, ndipo ambiri amakhala alendo osadziwa madzi. Mwana asalowe m'madzi popanda wamkulu pambali pake, ndipo mphepo ya mwera ikamaomba, m'miyezi yozizira ija, za bwato zisiyeni. Funsani eni dera kumene kuli kotetezeka ku ng'ona ndi mvuu, ndipo pewani madzi odikha a m'mabango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Maiwe a m'phiri ngati la Nkhalamba ndi ozizira komanso akuya kuposa mmene amaonekera. Mukafuna kukwera phiri la Mulanje, wolondolera njira musamuone ngati wongofuna kukudyerani ndalama. M'thumba muzisiyamo kangachepe kapadera koti kakuthandizeni galimoto ikafa panjira kapena mwana akadwala.

Nanga ndalama yonseyi ichokera kuti? Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mutamasunga K5,000 mlungu uliwonse, pakutha pa milungu 20 muli ndi K100,000. Mukakwanitsa K2,000 yokha, pa milungu 40 muli ndi K80,000. Isungeni kufoni kapena m'kabokosi kosatsegulatsegula, ndipo ana auzeni kuti nawonso aziponyamo timasenti tawo, aphunzire kuti chinthu chokoma amachikonzekera. Amayi a banki m'khonde, pogawana kumapeto a chaka, yambani mwapatula ya fizi ndi ya feteleza, yotsalayo ndiye muganizire ulendo. Ndalama mwasungayo ndiyo isankhe kopita. Vuto limayamba pamene tasankha malo kaye kenaka n'kumasaka ndalama, chifukwa pamenepo wakatapila amakhala ali tcheru, ndipo ndalama yake imabwerera ndi mwana wake mwezi ukatha.

Nkhaniyi muikambe awiri, poyera, pepala ndi cholembera zili patebulo. Bambo asangolengeza Lachisanu usiku kuti mawa tikupita ku Mangochi pamene mayi akudziwa kuti shuga ndi sopo zatha. Nawonso mayi asamuyese bambo wolephera pamaso pa ana chifukwa choti chaka chino thumba lalola Chichiri yokha. Mukagwirizana, auzeni ana tsiku lenileni ndipo mulisunge. Mwana amakhululuka mukamuuza kuti chaka chino sizitheka, koma lonjezo labodza saliiwala.

Pomaliza, powerenga anthu opita, werengani onse a m'nyumbamo. Ambiri mwa ife tikulera ana a achimwene kapena a achemwali amene adatisiya, ena tili ndi mtsikana wantchito amene naye ndi mwana wa eni. N'zomvetsa chisoni kuona ana obereka tokha akukwera galimoto atavala bwino, wamasiye ataima pakhonde ndi tsache m'manja, atauzidwa kuti alonde nyumba. Mwana ameneyo sadzayankhula kanthu, koma adzakula nacho mumtima. Ngati ndalama ikukwana anthu anayi kupita kunyanja, koma ikhoza kukwana anthu asanu ndi awiri kupita kuphiri lapafupi, sankhani phirilo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Ndiye madzulo ano mukatha kudya, khalani pansi awiri, mulembe malo atatu amene ali pafupi ndi kwanu, mufunse mitengo yake mkati mwa mlunguwu, ndipo muyambe kuponya kangachepe m'kabokosi. Ana sachedwa kukula. Posachedwapa adzakhala ndi maulendo awoawo, ndipo inu ndi amene mudzakhale mukufunsa kuti akutengani liti.