Galimoto ya Amalume ndi Citsononkho

Anzanga ambiri pano pa sukulu anandifunsa cifukwa cimene ndinabwerera ku chuthi mocedwa, ndiponso ndi zikhadabo zakuda bii. Tsono ndati ndilembe m'nyuzi yathu ino kuti ndiyankhe onse nthawi imodzi.

Kwathu ndi ku Songani, pa mseu wocokera ku Zomba kunka ku Liwonde. Amene amandilipirira cigonero ndi cakudya kuno ndi amalume anga, pakuti bambo anamwalira ine ndiri wamng'ono. Nchito ya amalumewo ndi yogula matemba ndi mpunga ku nyanja ya Chilwa ndi kudzagulitsa pa msika. Zaka zonsezi ankalipira eni magalimoto kuti awanyamulire matumba, ndipo phindu lambiri linkathera komweko. M'mwezi wa August 2024 anasonkhanitsa ndalama zonse zimene anasunga, pamodzi ndi za teremu yanga, nagula galimoto kwa mkulu wina wokalamba wa ku Zomba. Kwa mai anga anati, "Mlongo, musade nkhawa. Maulendo 4 a ku Kachulu abweza ndalama za mwanayu sukulu isanatsegulidwe." Mai sanayankhe kanthu, koma usiku umenewo sanadye nsima.

Galimotoyo ndi Peugeot 404 yonyamula katundu kumbuyo, ya caka ca 1974. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuupanga kufikira 1991. Unachuka cifukwa ca kulimba pa miseu yoipa, pakuti unapambana mpikisano wa East African Safari m'zaka za 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Giya lace liri pambali pa ciongolero. Mukatsegula boneti simupeza kompyuta ngati m'magalimoto a masiku ano iai. Injini ya masilinda 4, kabureta, koyilo ndi pampu ya petulo, zonse ziri poyera, ndipo munthu angathe kuzifika ndi dzanja.

Mwini wace wakale anaiyendetsa yekha kucokera ku Zomba kufika pakhomo pathu popanda bvuto. M'mawa mwace tinayamba kuisamala. Tinakhetsa oilo wakale ndi kuthira watsopano, tinatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha, tinamanga lamba wa fani amene anali wolefuka, ndi kudzaza madzi m'radiyeta. Pomaliza amalume anaona kuti pakamwa pa thanki ya petulo panalibe cibvundikiro, koma citsononkho ca cimanga cokulunga m'kansanza. Anacita manyazi, nati, "Galimoto yanga singayende ndi citsononkho ngati cigubu ca thobwa." Anacitaya kuseri kwa nkhokwe, nakagula cibvundikiro conyezimira ca mphira m'kati, cimene cinatseka gwa.

Lolemba tinadzaza thanki ndi kunyamuka ulendo wa ku Kachulu. Ana a m'mudzi anatithamangira akupfuula. Koma tisanafike ndi ku Zomba komwe, injini inayamba kutsokomola, kenaka inazima. Amalume analiza kawiri katatu, osatheka. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo patapita nthawi inalira ngati palibe cimene cinacitika. Titayenda pang'ono inazimanso. Tsiku limenelo tinabwerera kwathu madzulo mocita kukankha, ana omwe aja akutiseka.

Amalume anaitana makaniko. Iyeyo anasintha mapulagi onse 4, anapala mapointi ndi kuyesa mpata wace kuti ukhale 0.4 mm, natsuka kabureta ndi petulo. Pakhomo injini inalira bwino kwambiri, ndipo analandira ndalama zace nacoka. Pa mseu matenda anali omwe aja. Anabweranso nasintha koyilo, koma sizinathandize. Sabata 2 zinatha cotero, ndalama zikupita, thumba la matemba ngakhale limodzi osanyamulidwa. Anthu anayamba kunong'ona kuti mkulu uja anaikhwimira galimoto yace kuti isamvere munthu wina, ndipo ena analangiza amalume kuti apite kwa sing'anga. Ine ndinaona kuti anzanga ayamba kukonza masutikesi ao, pamene langa liri pamwamba pa denga, ndipo mtima unandiwawa.

Tsiku lina itazimanso pa mseu, amalume anati, "Mphwanga, tatsegula thankiyo uone ngati petulo alimo." Nditapotokola cibvundikiro ndinamva kuti fyuu, mpweya ukulowa mwamphamvu. Petulo analimo wambiri. Amalume ataliza, injini inadzuka nthawi yomweyo osadikira konse.

Pamenepo ndinakumbukira phunziro la Physics la ku Form 2. Aphunzitsi anaboola citini ca madzi bowo limodzi, madzi nakana kuturuka bwino, ndipo ataboola laciwiri anayamba kuthira. Anatiuza kuti madzi sacoka pamalo ngati mpweya sukulowa kutenga malo ace. Ndinaganiza kuti thanki nayo ndi citini. Pampu ikamakoka petulo, mpweya uyenera kulowa. Citsononkho cija cinkalola mpweya kudutsa, koma cibvundikiro catsopano cinalibe kabowo. Cotero mphamvu ya mpweya m'thanki inkacepa kufikira pampu italephera kukoka. Tikakhala pansi kudikira, mpweya unkalowa pang'onopang'ono, ndipo injini inkaliranso. Ndinazindikiranso cifukwa cace inkazima msanga thanki ikadzaza, pakuti malo a mpweya amakhala ocepa. Makaniko sanacione cifukwa pakhomo injini imamwa petulo pang'ono, ndipo iye sanayende nayo pa mseu.

Ndinaopa kunena, popeza cibvundikiroco anagula ndi amalume eni ace. Potsiriza ndinalimba mtima ndi kuti, "Amalume, pepani, kodi mungalole kuti tiyende cibvundikiroci ciri comasula pang'ono?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Makaniko walephera, ndiye iwe wa mabuku?" Komabe analola. Tinafika ku Zomba, tinapitirira, ndipo tinaona madzi a Chilwa ndi cilumba ca Chisi injini isanatsokomole ngakhale kamodzi. Pa doko la Kachulu amalume anazima galimoto, nakhala cete atagwira ciongolero. Kenaka anaseka kufikira misozi, nati, "Ndiye kuti mfiti ija ndine ndemwe."

Madzulo ace tinacotsa cibvundikiro, tinapita naco kutali ndi thanki, ndi kuboola kabowo kakang'ono ngati ka singano. Citsononkho sitinabwezerepo, pakuti nsanza yonyowa petulo ingathe kugwira moto. Masiku otsalawo tinayenda maulendo 3 okha. Ndalama zinakwana nditacedwa sabata imodzi, ndipo anandiperekeza kuno pa galimoto yomweyo, sutikesi langa likununkha matemba, monga anzanga a m'cipinda mwathu akukumbukira bwino.

Ndisanatsike amalume anandipatsa kabuku kakale kuti ndiwalembere zoyenera kucita. Ndinalemba kuti m'mawa uli wonse aone oilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala asanalize injini, kuti atsuke sefa ya mpweya kawirikawiri cifukwa ca pfumbi la njira ya ku nyanja, ndi kuti galimoto ikabvuta ayambe adzifunsa cimene anasintha komaliza asanagule cipangizo cina. Akulu anati safunsa anadya phula. Tikadapita kwa mkulu uja kukafunsa za citsononkho cace, sitikadataya ndalama za koyilo.

Kwa inu anzanga amene mumaodzera nthawi ya Physics masana, ndingokuuzani kuti ine ndinasiya kukhala kumbuyo, ndipo tsopano ndimakhala pa desiki la kutsogolo.