Masiku Khumi mu Mzinda wa Lisbon

Lisbon ndilo likulu la dziko la Portugal, mzinda womangidwa pa zitunda m'mbali mwa mtsinje wa Tejo, pafupi ndi pamene mtsinjewo uthira m'nyanja ya Atlantic. Kumeneko tinacheza masiku khumi m'chaka cha 2024 kwa mnyamata wina, mwana wa mlongo wathu, amene akhala m'dera lakale lotchedwa Alfama.

Ntchito ya mnyamatayu ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Mabwana ake ali ku London, koma iye sapitako. Mmaŵa akamwa khofi, atsegula kompyuta pa tebulo la pazenera nayamba ntchito, pakuti nthaŵi ya ku Lisbon ndi ya ku London ndi imodzi. Malipiro alandira a ku London, pamene buledi ndi nsomba agula pa mtengo wa ku Portugal. Mtendere wake wonse wagona pamenepo.

Boma la Portugal linatsegulira khomo anthu otere m'chaka cha 2022, pamene linakhazikitsa chilolezo cha alendo ogwira ntchito pa intaneti. Wofuna chilolezocho ayenera kusonyeza kuti pamwezi alandira kanayi kuposa malipiro otsikitsitsa a m'dzikomo. Mu 2024 malipiro otsikitsitsawo anali mayuro 820, kotero mlendo anayenera kulandira mayuro 3,280.

Madzulo mnyamatayo ankatiyendetsa. Tinakwera kasitima kachikasu ka nambala 28, kamene kakhotakhota m'timisewu topapatiza ta Alfama, dera limene mbali yake yaikulu inapulumuka pa chivomezi cha 1755. Tinadya nsomba zootcha pamakala, ndipo tinafika ku Belém, kumene Vasco da Gama ananyamukira mu 1497 pa ulendo umene unamfikitsa ku gombe la Mozambique. Tinati mumtima, mwanayu wapeza pabwino.

Koma tsiku lina tinakumana pa makwerero ndi mayi wina wokalamba, amene wakhala m'nyumba yomweyo kuyambira utsikana wake. Mnyamatayo anatimasulira mawu ao. Mayiwo analoza timabokosi tosungiramo makiyi a alendo, topachikidwa pa zitseko, nati m'nyumba zimenezo munkakhala anansi ao. Mwana wao wamkazi anasamukira kutsidya kwa mtsinje chifukwa cha kukwera kwa lendi, ndipo mmaŵa ulionse awoloka pa boti kudzasesa m'dera limene anabadwira.

Nkhani yotere si ya banja limodzi. Pakati pa mzindawo lendi ya nyumba ya chipinda chimodzi iposa malipiro otsikitsitsa aja. Mu 2023 anthu zikwizikwi anayenda m'misewu kudandaula za nyumba, ndipo chaka chomwecho boma linathetsa mwaŵi wopeza chilolezo chokhala m'dzikomo pogula nyumba. Zokweza lendi ndi zambiri, monga kuchepa kwa nyumba zatsopano ndi kuchuluka kwa alendo odzaona malo. Komabe wa malipiro akunja ali nayo mbali yake.

Usiku umenewo mnyamatayo anati, "Amalume, lendi imene ndilipira ine, mphunzitsi wa kuno sangaikwanitse. Sindinabere munthu, koma ndidziŵa kuti pano panali wina." Chifukwa cha ichi iye aphunzira Chipwitikizi, alipira msonkho m'dzikomo, agula m'timasitolo ta eni dera, ndipo Loŵeruka anyamulira mayi aja katundu wa kumsika. Izi sizitsitsa lendi, koma zamsandutsa mnansi wodziŵika ndi dzina.

Anyamata ndi atsikana, ntchito zotere ndi zenizeni, ndipo woŵerenga mwakhama angathe kuzipeza. Makolo, ana anu akadzazipeza musadzafunse za malipiro okha. Mudzafunsenso ngati adziŵa anansi ao. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tsono mlendo amene wasankha kukhalitsa ayenera kudziŵa mwini mphasa imene wakhalapo.