WOFUFUZA AMENE AMAFUNSA NDALAMA ZISANATULUKE

Pali mabungwe amene nchito yao ndi kusonkhanitsa ndalama za anthu, monga za penshoni kapena za anthu olemera, ndi kuziika m'makampani kuti zibale phindu. Ena mwa mabungwe otere amalemba anthu aoao ofufuza. Anthu amenewa sagula kanthu ndiponso sagulitsa kanthu. Udindo wao ndiwo kufunsa mafunso ndalama zisanatuluke m'nkhokwe.

Wofufuza amawerenga mabuku a cuma a kampani imene ifuna ndalamazo. Amayang'ana m'zolembedwa za makhoti ngati eni ake anazengedwapo mlandu, amaceza ndi anthu amene anagwirako nchito kale, ndipo amapita yekha kukaona ngati fakitale yochulidwa papepala ilikodi. Afanana ndi malume wotumidwa kumudzi kwa mnyamata wofunsira mbeta, kuti akamve mbiri ya banjalo ukwati usanamangidwe.

Kufunika kwa nchitoyi kunaoneka bwino pa nkhani ya kampani ya Theranos, ku California m'dziko la America. Kampaniyi inayambidwa m'caka ca 2003 ndi Elizabeth Holmes, mtsikana wa zaka 19. Iye analengeza kuti makina ake akhoza kupima matenda ambirimbiri ndi timadontho tocepa ta magazi a pacala. Pa bungwe loyang'anira kampaniyo panakhala akuluakulu ochuka, George Shultz ndi Henry Kissinger, amene anakhalapo nduna zoona za maiko akunja. Poona maina amenewa anthu anakhulupirira, naikamo madola oposa mamiliyoni 700. Rupert Murdoch, mwini manyuzipepala, anaikamo yekha mamiliyoni 125.

Koma bungwe la Google Ventures, lotsogoleredwa ndi Bill Maris, linacita mwina. Linatuma mmodzi wa anchito ake ku sitolo ya mankhwala ya Walgreens, kumene Theranos inali kupimira anthu, kuti akapimitse monga wodwala wamba. Kumeneko anapeza kuti dontho la pacala silinakwanire. Anafuna magazi ambiri a mumtsempha, monga zicitikira m'cipatala ciriconse. Bungwelo silinaikemo ndalama.

M'caka ca 2015 mtolankhani John Carreyrou wa nyuzipepala ya Wall Street Journal anaulula kuti kupima kwambiri kunali kucitika ndi makina ogulidwa ku makampani ena. Theranos inatsekedwa mu 2018, ndipo mu 2022 khoti linapeza Holmes wolakwa pa mlandu wonyenga eni ndalama, nimlamula kukhala m'ndende zaka zoposa 11. Akulu akale sananame ponena kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nchito ya wofufuza njowawa. Malipiro ake amacokera kwa anthu omwewo amene mitima yao yathamangira kale ku phindu, ndipo mau ake akuti "iai" amamveka ngati nsanje kapena mantha. Akapulumutsa bungwe palibe womuombera m'manja, pakuti tsoka lopewedwa silioneka ndi maso. Koma akakhala cete kuti asunge ubwenzi, cimene cimatayika ndi thukuta la ena, kapena penshoni ya nkhalamba imene sidzathanso kugwira khasu.

Cifukwa cake bungwe lanzeru limapatsa wofufuza ufulu wolankhula mopanda mantha pamaso pa akuluakulu. Nalonso gulu la alimi losunga ndalama pamodzi, likafikiridwa ndi mlendo wolonjeza phindu lalikulu, liyenera kuyamba latuma munthu kukaona ndi maso ake. Safunsa anadya phula.