Ku Regla, Kunsi kwa Chevrolet

Mlendo wofika mu mzinda wa Havana, likulu la dziko la Cuba, sacedwa kutulutsa kamera. Nafenso tinatero pamene tinafikako mu Novembala 2019, mwezi umene mzindawo unali kukondwerera zaka 500 cikhazikitsire. Pafupi ndi bwalo la Parque Central panandanda magalimoto a Chevrolet, Ford, Buick ndi Plymouth a zaka za m'ma 1950, ofiira ndi obiriwira, opanda denga, opukutidwa mpaka munthu nkudzionerapo nkhope. Amenewo ndi onyamula alendo a ndalama. Koma mukayenda pang'ono kufika ku Parque de la Fraternidad mupeza abale ao, a msinkhu womwewo, ofuka utsi wakuda, odzaza ndi anamwino, aphunzitsi ndi amai onyamula zikwama. Eni dziko amawachula kuti almendrones, dzina locokera ku mtedza wina wa mtengo, cifukwa ca maonekedwe ao obulungira. Amayenda m'njira zokhazikika, kukweza ndi kutsitsa anthu, monga acitira maminibasi a ku Lusaka.

Mnzathu amene anatilandira, katekisiti wa pa parishi ina mu mzindamo, ataona cidwi cathu anati, "Mwaona pamwamba. Mawa tiwoloke doko, mukaone kunsi."

Tinakwera kabwato ka injini kamene kamacoka ku Havana wakale kupita ku Regla, ulendo wa mphindi zocepa cabe. Potsika, munthu amayamba wakumana ndi chalichi ca Amai Maria a ku Regla, m'mene muli cifanizo ca Amai athu a khungu lakuda, obvala zobiriwira ngati thambo, atanyamula Mwana. Tinagwada, tinapemphera, kenaka tinalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba zakale mpaka pa khomo la msuweni wa mnzathuyo, bambo wa imvi amene wakhala woyendetsa galimoto ndi makanika moyo wace wonse.

Pabwalo pace panali Chevrolet ya 1956, kapena tinene kuti zidutswa zace. Bodi anaicotsa naiika pa migolo inai. Injini yakale ya petulo, ya masilinda 6, inali pakona, itatha mphamvu. Ina ya dizilo, ya masilinda 4, yocokera m'kagalimoto konyamula katundu ka ku Korea, inali yophimbidwa ndi lona. Pakati pa bwalo panagona chasisi, msana wa galimoto: zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa, ngati makwerero ogonekedwa pansi. Pa zitsulo zimenezi ndi pamene pamakhala injini, giyabokosi, masipulingi, bodi, ndi anthu onse okweramo.

Kuti owerenga amvetse cifukwa cace munthu angabvutike cotere ndi galimoto ya zaka zoposa 60, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Fidel Castro asanatenge boma mu Januwale 1959, Cuba anali kugula magalimoto ambiri ku United States, dziko limene lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kutsidya kwa nyanja. Mu 1960 United States inaletsa kutumiza katundu wambiri ku Cuba, ndipo mu Febuluwale 1962 Pulezidenti John F. Kennedy anakhwimitsa ciletsoco. Magalimoto atsopano a ku America analeka kubwera, zitsulo zokonzera akale nazonso zinaleka. Anabwera ma Lada ndi ma Moskvich a ku Soviet Union, koma amenewo anali kugawidwa ndi boma. Kufikira caka ca 2011, galimoto imene munthu wamba akanatha kugula kapena kugulitsa mwaufulu inali ya m'nyengo ya Castro asanalamulire. Motero Chevrolet yakale inasanduka cuma ca banja, monga ng'ombe kwathu kuno, yosiyirana kucokera kwa atate kupita kwa mwana. Soviet Union itagwa mu 1991, petulo anasowa kwambiri, ndipo pamene boma linalola anthu kudzigwirira nchito zina mu 1993, ambiri anaona kuti galimoto yakumwa petulo ngati cidakwa singadyetse ana. Apa ndi pamene kusintha injini kunafala. Ambiri mwa magalimoto amene tinakwera anali Chevrolet kunja, koma mkati munali mtima wa Toyota, Hyundai kapena Mitsubishi.

Bamboyo anali atasunga ndalama zaka zingapo, mlongo wace wa kunja nathandizako, kuti agule injini ija. Anayembekezera kuti nchito itenga mlungu umodzi. Koma atacotsa injini yakale napala dothi ndi girizi zimene zinaunjikana pa chasisi, anapeza zimene makolo athu ananena, kuti cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Anatipatsa nyundo kuti timenye tokha. Cakumbuyo citsulo cinalira ngati belu. Titafika kutsogolo, pafupi ndi pamene pamamangidwa injini, kulirako kunasanduka kwakufa, ngati kumenya cikuni cobvunda, ndipo kunsi kunagwa makoko ofiira. Iye anatenga msomali waukulu nakankha ndi dzanja lokha, msomaliwo unalowa. Dzimbiri, anatero, limadya mwakacetecete kucokera mkati. Citsulo ca chasisi cili ngati bokosi lalitali. Madzi akalowamo, timabowo totulutsira titatsekeka ndi matope, amakhala momwemo miyezi. Ndipo madzi a ku Havana si a mvula yokha. Mzindawo uli m'mbali mwa nyanja ya mcere, ndipo m'miyezi yozizira mafunde amalumpha khoma la Malecón, msewu wa makilomita 8 wotsata gombe, nkuthira magalimoto odutsa. Mcere ukasakanikirana ndi cinyezi umafulumizitsa dzimbiri koposa. Ife a ku dziko lopanda nyanja ya mcere tinazindikira mwai umene sitinauganizirepo: Peugeot 404 kapena Land Rover yakale ya pa mishoni imatha ndi mabampu ndi matope, koma siidyedwa mwamsanga cotere.

Pabwalopo panali mkangano, ndipo sanaubise pamaso pa alendo. Mwana wa bamboyo, mnyamata wokwatira catsopano amene ndiye amayendetsa galimotoyo masiku ambiri, anafuna kungophimba pobookapo ndi cigamba ca citsulo, kuwocherera, kupaka penti yakuda ndi kubwerera pamsewu. Mnzathu anatimasulira mau ace: "Atate, masiku 12 apita osalowa khobidi m'nyumba muno. Anzathu onse amaphimba, ndipo akuyenda." Sitinamuweruze mnyamatayo. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mu Seputembala 2019, dizilo anasowa m'dziko lonselo ndipo oyendetsa anagona pa mizere ya ku malo omwetsera mafuta. Mkazi wace anali ndi pakati. Amai a panyumbapo, amene anatipatsa khofi wakuda wotsekemera m'timakapu tating'ono, sanalankhule kanthu, koma tinaona kuti ndiwo anali kuwerenga masikuwo.

Bamboyo sanakweze mau. "Mwana wanga, citsulo cabwino sicigwira pa dzimbiri. Ndipo injini iyi si ija ya agogo ako." Anafotokoza kuti injini ya dizilo imagwedeza kwambiri kuposa ya petulo ya masilinda 6, imene imazungulira mofatsa, ndiponso imakoka mwamphamvu galimoto ikangoyamba kuyenda. Kugwedezako konse kumatsikira pa zomangira injini, ndipo zomangirazo, popeza injini yatsopano siikhala pa malo a yakale, ziyenera kuwochereredwa pa chasisi, pamalo penipeni pamene msomali unalowa. Cigamba cikanagwira mwezi, mwina caka. Tsiku lina, galimoto itadzaza anthu, likanapezeka dzenje pamsewu limene likanamaliza nkhaniyo. Pafupi pomwepo ndi pamene pamamangidwa bokosi la ciongolero.

Tinabwerera ku Regla masiku awiri otsatira, cifukwa nchitoyo inatikoka kuposa nyumba zosungiramo zinthu zakale. Asanadule kanthu, bamboyo anaika chasisi pa zitsa nailinganiza, anawocherera mipiringidzo iwiri yongoyembekezera kuti zitsulo zisatseguke, kenaka anayesa ndi cingwe kucokera pa kona ina kupita pa kona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri, nalemba miyeso pa khoma ndi khala. Chasisi ikapotoka pang'ono pokha, galimoto imayenda cammbali ngati nkhanu ndi kudya matayala, ndipo matayala ku Cuba sapezeka wamba. Anadula ndi gilainda mpaka anafika pa citsulo cowala, ndipo sanadule mowongoka koma mopendeka, kuti msoko ukhale wautali ndipo katundu asagwere pa mzere umodzi. Citsulo catsopano, cocindikala mofanana ndi cakale, anacipeza kwa munthu wina wogwira nchito pa doko; anayamba wajambula maonekedwe ace pa katoni. Powocherera anali kucita pang'ono apa, nkudumphira mbali ina, nkudikira kuti pazizire, popeza moto woculuka pamalo amodzi umakoka citsulo. Pamwamba pa msoko anaikapo cina cosongoka mbali zonse ngati tsamba, cakuti cilimbitse. Ndodo zowocherera anali nazo zowerengeka, ndipo iliyonse anaigwiritsa nchito mpaka inatsala ngati kacitsa ka fodya.

Pali cinthu cimodzi cimene sitinagwirizane naye. Magalasi ace otetezera maso anali osweka, omangidwa ndi waya, ndipo mnyamata uja anali kungotembenuza nkhope moto ukawala. Munthu wosamala cotere za anthu osawadziwa amene adzakwere galimoto yace akanayenera kusamalanso maso a mwana wace. Tinanena zimenezi kudzera mwa mnzathu. Bamboyo anaseka, nati magalasi otere akawapeza pa sitolo adzagula awiri.

Madzulo a tsiku lathu lomaliza anayesanso ndi cingwe cija, ndipo miyeso inagwirizana ndi ya pa khoma. Anaboola timabowo tatsopano kunsi kuti madzi azituluka, napaka penti yofiira yoletsa dzimbiri, nasunga cigubu ca oilo wakale wa injini woti adzathire mkati mwa zitsulozo nchito ya moto ikadzatha. Mbali ya kumanzere inali itatha. Injini ya ku Korea inali cikhalire pansi pa lona wace, ndipo amai aja anali atafika pa tsiku la 15. Pamene tinali kutsazika kuti tikapeze kabwato kasanacoke, mnyamatayo anatola nyundo, osauzidwa ndi munthu, nayamba kumenya citsulo ca kumanja kucokera kumbuyo, akupendeketsa mutu kuti amve bwino.