Kampata Kamene Kadandidyera Mbuzi

Amayi anzanga, lero sindikamba za kaphikidwe ka futali kapena kasokedwe ka malaya a ana monga tidazolowera pa tsamba lino. Ndikamba za kompyuta. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, poti ine sukulu ndidalekezera Sitandade 7, koma khalani pansi ndikuuzeni zimene zidationekera ife a gulu la amayi kuno ku Ntchisi, popeza ndalama zimene zidatsala pang'ono kulowa m'madzi zidali za amayi onga inu nomwe.

Gulu lathu lili ndi banki mkhonde ndiponso kwaya. Kwa zaka zingapo, pakakhala ukwati, chinkhoswe, kapena tikafuna kujambula nyimbo zathu, tinkaitana anyamata ojambula kanema kuchokera ku Mponela kapena ku Lilongwe. Kujambula kokhako sikuvuta, pakuti masiku ano ngakhale foni ijambula bwino. Ntchito yeniyeni ili pa kukonza: kudula pamene kamera idagwedezeka, kulumikiza zidutswa, kulemba maina a akwati, ndi kugwirizanitsa mawu ndi milomo ya oimba. Apa m'pamene tinkadikira miyezi ndi miyezi, nthawi zina mpaka mkwatibwi ataima kale. Tsono m'chaka cha 2023, titagulitsa mtedza ndi soya, tidapangana zogula makina athuathu, kuti mwana wa mlongo wanga, amene adaphunzirako za makompyuta, azikonzera akanemawo pa boma pompano, phindu lizilowa m'thumba la gulu.

Mnyamatayo adatiuza kuti kompyuta yathunthu yokhoza ntchito imeneyi njodula kwambiri, ndipo kuti nkwabwino kugula ziwalo zake chimodzichimodzi, iye nkudzazilumikiza. Ine ndidavomera msanga, poyesa kuti kuli ngati kugula mbale ndi makapu, zimene zikhala pa thebulo limodzi mosayang'ana kumene zidapangidwa. Ayi ndithu. Kuli ngati makina osokera. Mayi aliyense wosoka adziwa kuti bobini ya makina ena ikana kulowa m'makina ena, ngakhale poiona ifanana.

Adandikhazika pansi, nandilembera zonse m'kope la gulu. Choyamba ndi processor, kachidutswa kopyapyala kosaposa bokosi la machesi, kamene kagwira ntchito yonse yowerengera. Makampani odziwika opanga zimenezi ndi awiri, Intel ndi AMD. Kachidutswako kakhala pa bolodi lalikulu lotchedwa motherboard, pamene ziwalo zonse zikumanira, ndipo pokhala pake pali mpangidwe wakewake. Processor ya Intel siikhala pa bolodi la AMD, ndipo ngakhale za kampani imodzi zisiyana malinga ndi zaka zimene zidapangidwa. Ife tidasankha Intel Core i5-12400, imene idatuluka mu 2022, ndipo pokhala pake patchedwa LGA1700. Titapita kukagula ku Lilongwe, wogulitsa adatisonyeza ina yotsikirako mtengo, ya nambala yomweyo koma kumapeto kwake kuli chilembo F. Amayi a msungichuma adaikonda pomwepo, monga mudziwa asungichuma. Koma mnyamata uja adakana, nati, "Azakhali, F ameneyu atanthauza kuti payokha siionetsa chithunzi. Kufikira tsiku limene tidzapeze ndalama ya graphics card, tizidzangoyang'ana mdima." Taonani, chilembo chimodzi chokha! Tidagula yopanda F pamodzi ndi bolodi lake la B660, nkubwerera kwathu.

Tsono nayi nkhani imene idandisowetsa tulo. Pali chiwalo china chotchedwa RAM, timatabwa totalika ngati chipeso cha tsitsi. Pamenepo m'pamene kompyuta iyala ntchito imene ili kugwira pa nthawiyo, monga mphasa yoyanikapo ufa: ikachepa, uyanika pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa. Pulogalamu imene tidafuna kukonzera akanema, DaVinci Resolve, ya kampani ya ku Australia yotchedwa Blackmagic Design, ili ndi mtundu wake waulere, koma ifuna RAM yosachepera 16 GB, ndipo ikachuluka kuposa apo ntchito iyenda mopepuka. Ine ndidakumbukira mlamu wanga amene agwira ntchito ku Johannesburg. Ndidamuimbira ndekha, osafunsa mnyamata uja, poti ndidafuna kudabwitsa gulu kuti wapampando wawo nayenso wayamba kudziwa. Ndidati, "Alamu, mutigulire RAM yabwino koposa, yamakono, ya 32 GB." Ndalama ya gulu ndidatumiza. Mlamu wanga sadalakwe kanthu. Adagula yamakonodi, yotchedwa DDR5, nabwera nayo pa Khirisimasi.

Tsiku lolumikiza, amayi adasonkhana kunyumba kwathu ngati kuli chinkhoswe. Mnyamata adatenga kathabwa kamodzi, nakayesa m'ngalande yake pa bolodi, nakatembenuza, nakayesanso. Kenaka adandiyang'ana, nati motsitsa mawu, "Azakhali, izi sizilowa."

Kunsi kwa kathabwa ka RAM kuli timano tachitsulo, ndipo pakati pa timanoto pali kampata kakang'ono, kamene kayenera kukumana ndi kachitunda ka m'ngalande. Timano ta DDR4 ndi ta DDR5 ntofanana kuchuluka, tonse 288, koma kampata kaja adakaika malo osiyana pang'ono, ndipo adachita dala kuti munthu asalowetse cholakwika. Chimene chidandiwawa koposa nchakuti processor yathu ilandira mitundu yonse iwiri. Chokana lidali bolodi, pakuti mabolodi a B660 alipo a DDR4 ndiponso a DDR5, ndipo lililonse lilandira mtundu umodzi basi. Lathu lidali la DDR4. Zidalembedwa pa katoni m'zilembo zazikulu, katoni imene ine ndidaisunga kunsi kwa bedi miyezi inayi osaiwerenga. Mayi wina wachikulire adati tingokulitsa kampatako ndi mpeni, monga tichitira ndi mpini ukakana khasu. Mnyamata adagwira m'mutu, nafotokoza kuti ngakhale mphamvu ya magetsi imene mitundu iwiriyi idya njosiyana, kotero kuti tikadaononga RAM pamodzi ndi bolodi lomwe.

Manyazi amene ndidamva tsiku limenelo sindidzawaiwala. M'gulu mwathu muli amayi amasiye amene adasonkha ndalama imene akadagulira feteleza. Komanso mwezi wa November chaka chomwecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti katundu aliyense wochokera kunja adali atakwera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo ine ndidalidya amayi onse akuona. Pa msonkhano wotsatira ndidaimirira nkuvomera kuti kulakwa kudali kwanga. Tidapita ndi timatabwa tija ku Lilongwe, kumene wogulitsa wina adavomera kutisinthira ndi ta DDR4, koma adatiwerengera mtengo wotsika poti tidali titatsegula kale pepala lake. Ndalama imene idatayika pakatipo ndidabweza ine, nditagulitsa mbuzi yanga yaikazi. Bambo a kunyumba sadandikalipire. Adangofunsa ngati mbuziyo idali ya DDR4 kapena ya DDR5, ndipo mpaka lero sadaleke kufunsa.

Kuyambira pamenepo kope lija ndidayamba kuyenda nalo ndine, ndipo sitidagulenso kanthu tisadalembe dzina ndi nambala ya chimene tili nacho kale. Graphics card, chiwalo chimene chisenza ntchito yolemera ya zithunzi, tidasankha ya RTX 3060. Eni ake a NVIDIA alangiza kuti kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, kotchedwa power supply, kasachepere mawati 550. Ife tidagula ka 650 kuti pakhale mpata. Khadi limeneli nlalitali, ndipo m'mabokosi ena ang'onoang'ono a kompyuta sililowa, tsono ndidatenga tepi yanga yosokera nkuyeza m'kati mwa bokosi, wogulitsa akuseka. Aseke, mbuzi yachiwiri ine ndidalibe. Posungira tidagula ziwiri: SSD, imene ili yachangu, ya pulogalamu ndi ntchito imene ili m'manja, ndi hard disk yaikulu yosungira akanema otha. Kanema wa 4K ali ndi timadontho ta chithunzi tochuluka kanayi kuposa wa 1080p, choncho ukwati umodzi udya malo osaneneka, makamaka pa perekaniperekani, pamene aliyense afuna kudziona akuponya ndalama.

Chimene mnyamata sadachiganizire, koma amayi tidachikumbukira, ndi magetsi. Akazima mwadzidzidzi ntchito ya tsiku lonse ikhoza kutayika, tsono tidagula UPS, kabokosi ka batire kopatsa mphindi zowerengeka zoti munthu asunge ntchito nkuzimitsa bwino. China ndi fumbi la m'chilimwe, limene kuno kumapiri lilowa paliponse. Kompyuta tidaiika pa thebulo, osati pansi. Ndipo inu okonda kuyala nsalu zoluka pa chilichonse cha m'nyumba, monga ine, musaifunde ikamagwira ntchito, pakuti ipumira m'timabowo ta m'mbali mwake.

Kanema wathu woyamba adali wa chinkhoswe cha mwana wa amayi a msungichuma, dzinja la 2024 litangotha. Adatha m'masiku anayi. Agogo a mkwatibwi adauza mnyamata kuti abweze kasanu konse pamene iwo ankavina, ndipo kachisanu adadandaula kuti kamera idawafupikitsa. Tsopano tili kusonkhera maikolofoni ya kwaya. Dzulo ndidagwada kuseri kwa kompyuta ndi tochi, kuwerenga timabowo tolumikizira timene tilipo, ndipo ndalemba m'kope lija kuti ta USB totsala ndi tiwiri.