Akakufunsa za bwana wako wakale

Pa mafunso onse a ku intavyu, limene limaumitsa pakamwa si la malipiro ayi. Ndi lija amalifunsa modekha, wina akutembenuza CV yako: tiuzeni za nthawi ina imene bwana wanu sanakufotokozereni bwino zochita, ndipo inu munatani? Limabwera m'Chingerezi, koma mutu umaliyankha kaye m'Chichewa. Ndipo Chichewa cha kunyumba chimati munthu wamkulu sanenedwa pagulu.

Tinakula choncho. Bambo akakutuma ku golosale osanena kuti sopo wake uti, ukabwera ndi wolakwika wosamva ndiwe. Aphunzitsi akalemba zolakwika pa bolodi, kalasi yonse imakopera phee. Ndiye lero wakhala pamaso pa anthu anayi a masuti, eti unene pamene bwana wako anaperewera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wake ndi wako, chifukwa dzina la bwana yemweyo lili kumapeto kwa CV ngati munthu wokuchitira umboni.

Anzanga ambiri amathawira ku mbali ziwiri. Ena amati, "Sizinandichitikirepo, mabwana anga onse anali abwino." Ofunsa amamwetulira, n'kulemba kenakake, basi mamalikisi apita. Iwowo ndi mabwana, amadziwa kuti palibe ofesi imene uthenga sunasokerepo. Yankho lotere limawauza kuti mwina sunagwirepo ntchito yeniyeni, kapena zinthu zikavuta udzabisa.

Ena amatsegula mpopi. Mnzanga wina wa ku koleji, atakhala zaka ziwiri akutumiza makalata osayankhidwa, anaona funsoli ngati mwayi wopepula mtima. Anafotokoza zonse: momwe bwana wake ankachedwera, momwe ankakalipira anthu pamaso pa alendo, momwe ankasinthira mawu ngati bilimankhwe. Zonse zinali zoona. Koma Lilongwe ndi mudzi. Kuchokera ku Capital Hill kufika ku City Centre, anthu amadziwana. Wina mwa ofunsawo mwina amapemphera tchalitchi chimodzi ndi bwana wakoyo, kapena anagona hositelo imodzi ku Chanco. Ngakhale asamudziwe, akamakumva amadzifunsa kuti, "Ameneyu akadzachoka kuno, adzatinena bwanji ifeyo?" Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Ine ndinafika poona kuti funsoli silikufuna chigamulo pa bwana wakale. Ofunsa akuganiza za Lolemba lina kutsogoloku, pamene mmodzi wa iwo adzakupatse malangizo a theka akuthamangira ku mitingi. Akufuna kudziwa ngati udzakhala chete mpaka ntchito iwonongeke, ngati udzakadandaula kwa anzako pa nthawi ya tiyi, kapena ngati udzapeza njira yofunsa.

Nkhani yanga ndi iyi. Nditamaliza digiri ndinalowa pa bungwe lina mu Lilongwe ngati intani. Supavaiza wanga anali mayi wodziwa ntchito yake, koma nthawi analibe. Malangizo ankaperekera pa khonde, makiyi a galimoto ali m'manja. "Ukonze zija za Lachisanu," basi ulendo. Zija ziti? Lachisanu lake liti? Usiku cha m'ma 10 kumabwera voisinoti pa WhatsApp yosintha zimene ananena m'mawa, iwe bandulo ikutha. Tsiku lina ife awiri, ine ndi intani mnzanga, tinapezeka kuti aliyense wauzidwa tsiku lake lomalizira lipoti limodzi lomwelo, wina Lachitatu, wina Lachisanu.

Kupita kukawauza kuti, "Madamu, simufotokoza bwino," sizikanatheka. Ndinayamba kachizolowezi kakang'ono. Akangondiuza chinthu, ndinkalemba uthenga waufupi: "Madamu, ndingotsimikiza kuti ndamva bwino. Lipoti la mwezi uno, masamba asanu, ndikupatseni Lachitatu isanakwane 12 koloko. Ngati pali chosintha mundiuze." Nthawi zambiri ankangoyankha ndi kachala kokweza. Nthawi zina ankati, "Ayi, ndimanena la miyezi itatu." Apo ndiye ntchito ya masiku atatu yapulumuka. Patapita milungu ingapo ndinawapempha mphindi khumi Lolemba lililonse m'mawa kuti tizidutsa pa zochita za sabata yonse. Anavomera, ndipo mavoisinoti a usiku anachepa.

Nkhani imeneyi ndimainena ku intavyu mosaopa, chifukwa ngakhale madamuwo atakhala pakona n'kumamvetsera, sangachite manyazi. Sinditchula dzina lawo, sindinena za khalidwe lawo. Ndimanena za mpata umene unalipo pakati pa zimene ankafuna ndi zimene zinkandifika, kenako zimene ndinachita kuti mpatawo utsekeke.

Anthu olemba ntchito amakonda dongosolo lina lotchedwa STAR. Zilembo zinayizo zikuimira magawo anayi a yankho: zinthu zinali bwanji, ntchito yako inali yotani, unachitapo chiyani, ndipo zinatha bwanji. Chimene ambiri saona n'chakuti magawowa si ofanana kukula. Gawo la bwana likhale ziganizo ziwiri zokha. Mwachitsanzo, m'malo monena kuti "anali wosokoneza," unene kuti "ankayang'anira ntchito zambiri, moti malangizo ankabwera mwachidule ndipo nthawi zina ankasintha." Nthawi yambiri uithere pa zimene iwe unachita. Pomaliza unene chotsatira chooneka ndi maso: lipoti linafika pa nthawi yake, ntchito sinabwerezedwe, anzako anayamba kutengera njira yako. Yankho lonse lisapitirire mphindi ziwiri. Uliyesere mokweza kunyumba, m'Chingerezi momwe ukalinenere, chifukwa mawu amene amayenda bwino m'mutu amakonda kupunthwa pa lilime.

Wina anena kuti, "Aise, ine sindinagwirepo ntchito, bwana ndimutenga kuti?" Uli naye. Ngati unadutsa mu pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro ku maofesi ngati maintani, imene inayamba mu 2018, unali ndi wokuyang'anira. Ngati unapita ku tichingi pulakitisi, unali pansi pa ahedi. Ndipo aliyense amene analemba kafukufuku wa chaka chomaliza, kaya ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni kapena MUST, amadziwa supavaiza amene amabweza mutu wonse wa pepala atangolembapo mawu amodzi ndi cholembera chofiira. Unapita kukafunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani? Unalemba zimene munagwirizana? Yankho lako ndi limenelo.

Pali malire amene ndikufuna tiwasunge. Bwana wosafotokoza bwino ndi wosiyana ndi bwana wankhanza. Kutukwanidwa, kugwiridwa thupi, kumanidwa malipiro kapena kuchotsedwa ntchito popanda kumva mbali yako si vuto la kulankhulana, ndipo usalole wina akuuze kuti ukanangofunsa bwino zikanatha. Zimenezo zili ndi kwake: lamulo la zolemba ntchito la 2000, ofesi ya zantchito ya m'boma lako, komanso khoti loona milandu ya apantchito. Ku intavyu sankha nkhani ina yaing'ono, imene iwe unali ndi mphamvu yoikonza. Sukubisa choipa potero. Wangodziwa kuti anthu anayi aja si oweruza, ndipo bala lako si la pa tebulo lawo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ulemu umene makolo anatiphunzitsa suli wotsutsana ndi kufunsa. Makolo omwewo ndi amene anati safunsa anadya phula. Pa maliro kapena pa chinkhoswe, mnyamata wotumidwa amagwada, n'kubwereza uthenga kwa amalume ake kuti, "Ndiye mwati ndikanene chakutichakuti?" Palibe amene amamuona ngati wamwano. Amamuona ngati munthu wotumika, ndipo mawa amatumanso iyeyo. Uthenga wanga wa pa WhatsApp uja unali kubwereza komweko, kungoti pa foni.

Tsiku lina ena mwa ife tidzakhala mbali inayo ya tebulo, makiyi m'manja, mitingi ikutidikira, kamwana ka dzulo kakutiyang'ana ndi kope lotsegula. Ndikukhulupirira kuti kakadzatifunsa kuti, "Bwana, zija ziti?" tidzaima kaye n'kukayankha.