Mwera ndi Chiperoni: Ulendo wa ku Balaka, ku Liwonde ndi ku Chilwa

Mvula ikamapita kumapeto, chimanga chitakhwima m'munda, m'mwezi wa Marichi kapena wa Epulo, pafika tsiku lina limene mphepo itembenuka. Dzulo lake kunali kotentha, lero mamawa ana alirira moto. Kumudzi tingoti, "Kwayamba kuzizira," ndi kutulutsa mabulangete. Koma kwa anthu oyenda pamadzi ndi oyenda mumlengalenga, mphepo imeneyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Tiyeni tsono tiitsate, kuchokera ku Balaka kufikira ku nyanja ya Chilwa.

Poyamba tidziwe kumene ichokera. Kutali kumwera, pa nyanja yamchere ya ku Cape Town, mpweya wozizira ukumana ndi mpweya wofunda. Wozizirawo, pokhala wolemera, ulowa pansi nukankhira wofundawo m'mwamba, ndipo pamalire pawo pabadwa mitambo ndi mphepo yaukali. Malirewo adutsa dziko la South Africa kunka kum'mawa. Pambuyo pake mpweya wozizira uthamanga m'mbali mwa gombe la Mozambique, numwa chinyontho cha nyanja, nulowa kumtunda kudzera m'zigwa za Zambezi ndi Shire. Ukagunda mapiri usanduka nkhungu ndi mvula yowaza, imene titcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ukafika panyanja ndiwo mwera. Uyamba pang'onopang'ono mvula ikamatha, nukula mphamvu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Ku Balaka kuno, dziko la malambe ndi thonje, mphepoyi siioneka yoopsa. Pakuti tili m'chigwa, kuseri kwa mapiri, chinyontho chambiri chitsalira kumtunda, ndipo ife tilandira thambo lotuwa ndi fumbi lokha. Munthu wa kuno akhoza kunyamuka ulendo wa kunyanja osaganiza kanthu. Komatu akakweza maso kum'mawa ndi kumwera, aona mapiri a Chikala, Malosa ndi Zomba atavala mitambo ngati nduwira. Chizindikiro chake ndi chimenecho.

Potsata msewu wa kum'mawa tifika pa Liwonde, m'boma la Machinga, pamene tiwoloka Shire pafupi ndi chitseko chachikulu cha madzi chimene chinamangidwa m'chaka cha 1965. Kumtunda kwake kuli nkhalango ya nyama ya Liwonde, yokhazikitsidwa mu 1973. Pamtsinjepo tiona mabwato a asodzi, ndi maboti onyamula alendo odzaona mvuu, ng'ona ndi njovu. Shire ayenda kulowera kumwera, pamene mwera uchokera kumwerako. Madzi ndi mphepo zikalimbana chotero, mafunde aimirira, afupi koma osongoka, ndipo bwato likawapatsa nthiti lidzaza msanga. Kugwera m'madzi a ng'ona sikufuna kufotokoza.

Ena mwa alendowo afika pa ndege zazing'ono zimene zitera m'nkhalangomo. Woyendetsa ndege yotere kawirikawiri adalira maso ake: atsata mtsinje, msewu ndi mapiri. Chiperoni chikaphimba dziko, ali ngati munthu woyenda usiku wopanda muuni. Akatsika kuti aone pansi, phiri limene saliona limdikira m'kati mwa mtambo. Mtundu wathu unaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yochokera ku Lilongwe kunka ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anamwalira, pakati pawo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti ndegeyo inalowa m'mitambo ikuuluka m'munsi, ndipo inagunda chitunda. Ku Chikangawa ndi kutali, koma mtambo wobisa phiri ndi womwewo umene tiuona pa Chikala.

Kuchoka pa Liwonde tilambalala mapiri a Chikalawo ndi kutsikira ku dooko la Mposa, pa nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake, ndipo njosazama, kotero kuti m'malo ambiri woyendetsa bwato afika pansi ndi nsungwi. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, nidzazanso mvula itabwerera. M'menemo muchokera matemba, makumba ndi milamba, ndiwo za m'nyumba zambiri za ku Machinga ndi ku Balaka komwe. Asodzi ena akhala masabata m'zimbowera, tinyumba toyandama m'kati mwa udzu wa m'nyanja.

Wina adzati, "Nyanja yosazama chotere iopsa bwanji?" Iopsa ndithu. Pakati pake palibe chotchinga mphepo, ndipo mwera uwoloka nyanja yonse usanafike mbali ya kuno. Madzi osazama avunduka msanga, mafunde atsatana osapatsa mpata wokapa madzi m'bwato, ndipo pansi pali thope logwira miyendo. Kumbukirani zimene zinachitika pa nyanja yaikulu ya Malawi pa 30 Julayi 1946, m'nyengo yomweyi ya mwera: sitima yachitsulo yatsopano, dzina lake Viphya, inamira ndi namondwe chakumpoto, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga bwato lamatabwa lodzaza anthu, njinga ndi matumba a matemba?

Chifukwa chake, inu a m'mabanja, pali zinthu zimene mungachite muli pamtunda pomwe. Nthambi ya boma yoona za nyengo ichenjeza pa wailesi mwera ukamayandikira. Mverani, ndipo uzani anzanu amene alibe wailesi. Mwini bwato akati lero sitiwoloka, musamkakamize ndi ndalama kapena ndi mawu akuti maliro kapena msika sizidikira. Akadzaza bwato mopitirira, tsikani, ngakhale mutalipira kale. Amayi, mwana wanu akabwera kunyanja chimanjamanja chifukwa anaopa mafunde, musamseke kuti ndi waulesi. Mwina mawu anu ndiwo adzamkankhira m'madzi mawa lake.

Mwera sukhalitsa. Uwomba masiku owerengeka nuleka, thambo liyera, mapiri avula mitambo, ndipo njira itsekukanso kwa bwato ndi kwa ndege. Asodzi akale a ku Chilwa ndi oyendetsa ndege ophunzira kwambiri afika pa nzeru imodzi, imene makolo athu anaisiya m'mawu atatu okha: kuthamanga si kufika.